Kuteteza ana pa mpira kuno ku Mangochi

Musanayambe, konzani chigubu cha madzi akumwa, bandeji, sopo ndi manambala a foni a makolo.

1. Yenderani bwalo, tolani mabotolo osweka ndi minga, kwirirani maenje. Ana ambiri amasewera opanda nsapato.
2. Agaweni potengera msinkhu. Wa zaka 9 asalimbane ndi wa zaka 15.
3. Pewani dzuwa la masana, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Yambani cha m'ma 4 koloko, ndipo azipuma n'kumwa madzi pafupipafupi.
4. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Mwana akagunda mutu, asabwerere m'bwalo tsiku limenelo, ngakhale alimbikire kuti ali bwino. Akayamba kusanza, chizungulire kapena kuyankhula zosokonekera, thamangirani naye kuchipatala.
5. Akamaliza, asathamangire kukasamba mu Shire. Muli ng'ona.