Kabakha ka m'bafa kakayamba kulavula zakuda

Tengani kabakha ka labala komwe mwana amasewera nako posamba, mukafinyire pa mbale yoyera. Mukaona tizidutswa takuda ngati masamba a tiyi tikutuluka, dziwani kuti m'kati mwake mwamera chuku. Madzi omwewo ndi amene mwana amadzipopera kumaso, mwinanso kuyamwa kumene.

Kwathu vutoli silikula, chifukwa mwana amasambira m'beseni ndipo chilichonse chonyowa timachiyanika padzuwa. Ku Britain, monga ku Manchester kapena ku Leeds, mabafa ambiri a nyumba za lendi alibe ngakhale zenera, komanso mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. A ku Cape Town nawo amachidziwa chinyezi cha Juni mpaka Ogasiti. Madzi ofunda akatsalira m'chidole, atasakanikirana ndi sopo, litsiro la m'thupi ndi kamkodzo ka mwana, tizilombo timapezamo chakudya chokwanira. Mu 2018 akatswiri a bungwe lofufuza za madzi la Eawag ku Switzerland anang'amba zidole 19 zomwe ana ankasewera nazo m'bafa. Pa zidole zisanu zilizonse, zinayi zinali ndi mabakiteriya otha kudwalitsa munthu, kuphatikizapo Pseudomonas aeruginosa amene amayambitsa matenda a m'maso ndi m'makutu. Musachite nazo mantha kwambiri, ana ambiri athanzi sadwala nazo. Koma mwana wa mphumu, wa zilonda pakhungu kapena wa chitetezo chofooka m'thupi ngofunika kumusamala.

Zidolezi zili mitundu iwiri. Zina n'zotseguka, monga timakapu, timaboti ndi zilembo zomata pakhoma, zomwe dzanja kapena burashi imafika paliponse. Izi zimatsukika bwinobwino. Zina n'zija zokhala ndi kabowo kamodzi kunsi. Chotere chikada m'kati, ine ndimati tayani basi. Mankhwala angaphe zapamwamba, koma ndere zomwe zakakamira m'makona simungazipale, ndipo mtengo wa kabakha katsopano sungafanane ndi usiku wochezera mwana wodwala khutu. Azimayi ena amaumirira chifukwa chidolecho inali mphatso ya agogo kapena mwana sagona popanda icho. Chabwino, chiwumitseni mukachiike pashelefu, koma m'bafa chisalowenso.

Potsuka, yambani ndi madzi otentha ndi sopo wa mbale, mupale ndi mswachi wakale. Litsiro likachoka m'pamene mankhwala amagwira ntchito. Njira yosavuta kwa amene ali ndi khanda ndi Milton, yemwe uja timaviikira mabotolo a mkaka, ndipo amapezeka ku Britain ndi ku South Africa komwe. Sungunulani m'madzi ozizira monga alembera pa botolo, muviike zidole kwa mphindi 15. Ngati mulibe, Jik wamba amachita: timasupuni 4 ta tiyi, pafupifupi 20 ml, pa lita imodzi ya madzi ozizira, kwa mphindi zisanu mpaka khumi. A ku Britain, m'mashopu funani yolembedwa thin bleach. Ija yokhuthala ya m'chimbudzi, ngati Domestos, ndi zonse zonunkhiritsa zisiyeni, chifukwa zimavuta kutsukuluza. Zidole za kabowo zomwe zikadali zoyera m'kati muzifinye zili m'madzimo kuti zimwe mankhwala, muzigwedeze, kenako muzitsukuluze ndi madzi oyera kambirimbiri mpaka fungo litatha. Valani magolovesi, tsegulani zenera, ndipo mwana akhale kutali.

Ena amakonda viniga woyera, theka viniga theka madzi, kuviika kwa ola limodzi. Ngwabwino potsuka sabata ndi sabata komanso pochotsa zoyera zomwe madzi a ku London amasiya, koma mphamvu yake siifika pa Jik. Chachikulu n'chakuti musasakanize ziwirizi. Viniga akakumana ndi Jik kapena Milton amatulutsa mpweya wa chlorine, woti m'kabafa kopanda zenera ungakubanikitseni. Mwana akamwa mankhwalawa musamusanzitse. Imbani 111 ku Britain, kapena 999 ngati akuvutika kupuma. Ku South Africa nambala ya za poizoni ndi 0861 555 777.

Ntchito yeniyeni ndi kuwumitsa. Mwana akatuluka m'madzi, finyani chidole chilichonse mpaka dontho lomaliza, muziike m'kathumba ka neti kapena m'basiketi yobowoka, ndipo muzitulutse m'bafamo. Pafupi ndi hita zimauma msanga, koma osati pamwamba pake penipeni. Mukagula chidole chatsopano, tsekani kabowo ndi guluu wotentha chisanakhudze madzi, kenako muziyang'ana kawirikawiri kuti kaguluuko kasamatuke mwana n'kukameza. Ku charity shop, kogulitsa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, gulani timakapu ndi timaboti, za kabowo ayi, poti simudziwa zomwe zili m'kati.

Ngati chuku chikubwerera ngakhale mukuchita zonsezi, yang'anani kudenga ndi m'mphepete mwa bafa. Khoma likada kapena fani yotulutsa nthunzi ikafa, jambulani zithunzi, mulembere eni nyumba pa imelo kuti pakhale umboni wa tsiku lomwe munawauza.