Mwachira tayifodi? Chitani izi kuti isabisale mu ndulu

Kutentha thupi kukatha, ambiri timati tayifodi yapita. Koma mwa odwala 100 aliwonse, awiri mpaka asanu amapitiriza kusunga bakiteriya wa Salmonella Typhi m'thupi kwa chaka kapena kuposerapo, iwo akuyenda bwinobwino. Bakiteriyayu amabisala mu ndulu, kathumba kamene kali kunsi kwa chiwindi.

Bakiteriyayu ali ndi malangizo achibadwa, majini otchedwa viaB, amene amamupangira chofunda chotchedwa Vi. Chofundachi chimaphimba khungu lake kuti asilikali a m'thupi asamuzindikire msanga. Akafika mu ndulu n'kupezamo timiyala, amamatirira pamenepo n'kudzikuta ndi utoto wonanda umene mankhwala amavutika kuuboola. Akakhalitsa, ndulu imatupa ndipo chiopsezo cha khansa ya ndulu chimakwera. Apa n'kuti tsiku ndi tsiku ena akutsikira m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi.

Choyamba, malizani mankhwala onse amene mwapatsidwa. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa kuyambira cha mu 2011 ku Blantyre kunafala mtundu wa tayifodi wosamva mankhwala akale monga chloramphenicol ndi cotrimoxazole. Kusiyira panjira kapena kugula makapisozi pa golosale n'kuwonjezera vutoli.

Kenako bwererani kuchipatala mukafunse ngati angapime chimbudzi chanu. Bakiteriyayu satuluka tsiku lililonse, choncho kupima kamodzi sikukwanira. Amayi ophika kunyumba, ogulitsa mandasi kapena chipisi, inu ndiye musazengereze.

Chachitatu, tcherani khutu ku thupi lanu. Kupweteka kumanja pansi pa nthiti, makamaka mukadya zamafuta, maso achikasu, mkodzo woderapo ngati tiyi wopanda mkaka, chimbudzi chotuwa: mukaona izi thamangani kuchipatala. Adokotala angakujambuleni pamimba kuti aone ngati muli timiyala. Akapeza kuti bakiteriya akadalimo, amapereka mankhwala a milungu ingapo, ndipo nthawi zina amachotsa ndulu yonseyo. Munthu amakhala ndi moyo wabwinobwino popanda kathumbako, chifukwa madzi ake amapangidwa ndi chiwindi.

Pakadali pano sambani m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi komanso musanagwire chakudya, ndipo madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini.

Ana atengereni ku katemera. Dziko la Malawi linayamba kupereka katemera wa tayifodi mu May 2023, ndipo amapangidwa kuchokera ku chofunda cha Vi chomwechija, kuti thupi lichidziwiretu. Mwana amabayidwa akakwana miyezi 9, choncho onani m'buku lake la kusikelo ngati analandira.