Momwe mungakonzere ulendo wa banja pa sitima yaikulu yonyamukira ku Durban

Amene munakwerapo Ilala kuchoka ku Monkey Bay kupita ku Likoma mukudziwa kukoma kogona pamadzi. Koma sitima zonyamukira ku Durban ndi nkhani ina. Zili ngati hotela yoyandama, yansanjika zoposa 10, yonyamula alendo oposa 2,000. MSC Splendida, imene inkayenda kumeneko kumapeto kwa 2023 ndi kumayambiriro kwa 2024, ndi yotalika mamita 333, mabwalo a mpira atatu mutawalumikiza. Kwa ife okhala ku Joni, ngakhalenso ochokera kumudzi, ulendowu ndi wotheka. Chofunika n'kuwerengeratu ndalama zonse musanachoke pakhomo, chifukwa mtengo wa tikiti si mtengo wa ulendo.

Yambani ndi kusankha nthawi ndi njira. Sitimazi zimayenda m'chilimwe cha ku South Africa, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Maulendo aafupi, a masiku atatu kapena anayi, amapita ku Mozambique: ku Portuguese Island, kachilumba koyandikana ndi Inhaca kufupi ndi Maputo, kapena ku Pomene m'chigawo cha Inhambane. Ngati n'koyamba ndipo muli ndi ana aang'ono, sankhani waufupi. Disembala mitengo imakwera chifukwa sukulu zimakhala zitatsekera. Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya namondwe m'nyanja ya Mozambique, ndipo kaputeni akaona kuti mafunde akula amatha kusintha njira.

Kenako chipinda. Chopanda windo ndicho chotsika mtengo, ndipo kunena zoona m'chipinda mumangogonamo basi. Ngati pakati panu pali wochita nseru m'galimoto, pemphani chapakati pa sitima, pansanjika zam'munsi, poti kumeneko sikugwedezeka kwambiri ngati kutsogolo kapena pamwamba. Funsaninso za ana: kawirikawiri mwana wogona chipinda chimodzi ndi akuluakulu awiri amalipira zochepa.

Apa ndiye pofunika kudekha. Musanalipire, auzeni ogulitsa tikitiwo akulembereni mtengo wonse, kuphatikiza ndalama ya padoko, inshuwalansi, ndi ndalama yothokozera ogwira ntchito imene amaiwerengera tsiku ndi tsiku pa munthu aliyense. Tikiti imalipirira chipinda, chakudya cha m'malo odyera aakulu, maiwe osambira, zisudzo zamadzulo ndi malo osewerera ana. Zoziziritsa kukhosi, mowa, intaneti, zithunzi zimene amakujambulani polowa, zonsezi n'zolipira padera, ndipo mitengo yake imakhala m'madola a ku America. Tsono mukakwera amakupatsani khadi limodzi limene ndi kiyi wa chipinda, chiphaso chanu, komanso chikwama chanu. Poti ndalama siituluka m'thumba, mtima sumva kuwawa pogula, ndipo bilu imadzakupezani tsiku lotsika. Mwana wazaka 12 amatha kungoonetsa khadi n'kulandira ayisikilimu osadziwa kuti akulemba ngongole. Khalani pansi ndi ana musananyamuke, muwauze malire, ndipo inu muziona bilu madzulo alionse. Madzi akumwa, tiyi ndi khofi za kumalo odyera kodzitengera wekha n'zaulere. Banja lingathe kukhala masiku anayi osaonjezera kanthu.

Mapepala akhale m'malo. Aliyense, ngakhale khanda, akhale ndi pasipoti yakeyake yotsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe, chifukwa mukutuluka m'dziko. Tengani kalata ya kubadwa ya mwana aliyense, ndipo ngati mwana akuyenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali, pakhale kalata yovomereza yochokera kwa kholo lotsalalo, yodindidwa. Amene mumakhala ku South Africa onetsetsani kuti pemiti yanu ili bwino, popeza pobwera mudzadutsanso pa imigireshoni. Mayi woyembekezera amene wafika masabata 24 saloledwa kukwera.

Fikani ku Durban dzulo lake, mugone komweko. Kuchoka ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 570 pa msewu wa N3, ndipo ochokera ku Blantyre pa basi mukudziwa mmene Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge zimadyera nthawi. Sitima siidikira munthu. Malo okwerera ndi Nelson Mandela Cruise Terminal, kufupi ndi uShaka Marine World. Masutikesi aakulu mumawasiya pakhomo ndipo amakupezani kuchipinda madzulo, choncho mankhwala, matewera, zovala zosambira ndi mapasipoti zikhale m'kachikwama kam'manja. Mbaula, simbi ndi mowa zisiyeni kunyumba, saloleza.

Mukalowa, sitima isananyamuke, pamakhala phunziro la zoyenera kuchita pakagwa ngozi. Ndi lamulo kwa aliyense, ndipo musalitenge ngati chibwana. Yendani ndi ana mpaka pamalo amene mwauzidwa kuti muzisonkhana, awaone ndi maso. Aloweze nambala ya chipinda ndi ya nsanjika, chifukwa makonde a m'sitima amafanana onse. Akalembetseni ku malo osewerera ana tsiku lomwelo. Lamulo lina likhale lanu: palibe kukwera zitsulo za m'mphepete, palibe kulowa m'dziwe popanda wamkulu. Foni muiike pa airplane mode gombe likangobisika, apo ayi imalumikizana ndi netiweki ya pa sitima imene imadula kwabasi.

Ku Portuguese Island kulibe doko. Sitima imaima patali, inu n'kukwera timaboti tating'ono, ndipo potsika mumaponda m'madzi. Valani nkhwaira, tengani zipewa, mafuta oteteza khungu kudzuwa ndi opirikitsa udzudzu, poti malungo aliko ngati kwathu. Agogo ngati miyendo ikuvuta asakakamizidwe. Tsiku limenelo sitima imakhala zii, mipando ya m'mbali mwa dziwe ili mbwee. Nthawi ya boti lomaliza ilembeni padzanja.

Chimodzi ndikupemphani abambo anzanga. Ulendowu muuone ngati tchuthi cha amayi a kunyumba. Kwathu tchuthi chimatanthauza kuti mayi aphikire alendo ambiri kuposa masiku onse, koma m'sitima mulibe mphika wowadikira. M'mawa wachiwiri, dzukani ndi ana, mupite nawo kokadya, muwasiye amayi agone mpaka atadzuka okha. Ine ndinawapeza akazi anga cha m'ma 9 koloko ali kumbuyo kwa sitima, kapu ya tiyi m'manja, chitenje chili paphewa, akungoyang'ana thovu loyera limene sitima imasiya m'mbuyo. Ndinabwerera mwakachetechete kukasambitsa ana.