Musagawane zonse mu Disembala: zimene alimi a ku Germany anachita

Magulu ambiri a banki m'khonde amagawana ndalama zonse kumapeto kwa chaka. Bokosi limatsala mbee, Januwale akafika aliyense akuyambiranso pansi, nthawi yomwe feteleza wobereketsa akufunika. Apa mpofunika kukonza, ndipo njira yake anaiyesa kale alimi a ku Germany.

Mu 1846 ndi 1847 kunagwa njala kudera la Westerwald. Alimi osauka kumeneko ankatenga ng'ombe pa ngongole kwa akatapila, chiwongoladzanja chikawakulira n'kulandidwa ng'ombeyo, munda, mpaka nyumba. Friedrich Wilhelm Raiffeisen, yemwe anali meya wa Weyerbusch, anayamba ndi kuphikitsa buledi wotsika mtengo. Mu 1849, ali ku Flammersfeld, anasonkhanitsa anthu opeza bwino kuti aziimira osauka pogula ziweto. Zinathandiza ndithu, koma opeza bwino amatopa nako kupereka. Choncho mu 1864, ku Heddesdorf, anakhazikitsa bungwe loti wokongola aliyense akhale membala, mwini wake wa bungwelo. Ma SACCO athu, mabungwe omwe mamembala amasungako ndalama n'kumakongozana, mizu yawo ili kumeneko.

Malamulo a mabungwewa ndi omwe ndikufuna muwagwiritsitse. Bungwe linkakhala la dera laling'ono, la anthu opemphera tchalitchi chimodzi, odziwana kuti uyu amalima, uyu ndi wamowa. Chikole chenicheni chinali mbiri ya munthu. Wopempha ngongole ankanena chimene akufuna kugula, anzake n'kuona ndi maso kuti ng'ombe yalowadi m'khola. Atsogoleri sankalandira malipiro, kupatula wosunga mabuku.

Koma lamulo lalikulu ndi ili: phindu silinkagawidwa. Linkapita m'thumba losakhudzidwa, lomwe linkakula chaka ndi chaka. Thumba limeneli ndilo linkateteza bungwe membala akalephera kubweza, n'kulipatsa mphamvu yokongoza kwa zaka zingapo. Ngongole ya mwezi umodzi imagula tomato wa geni; ya zaka ndiyo imagula ng'ombe, ngolo kapena malo. Munthu amachoka pa ganyu ndi ngongole yamtundu wachiwiriwu.

Sindikuti musiye kugawana. Ana amafuna fizi, ndipo masheya ndi anu. Tengani masheya anu onse, koma pa chiwongoladzanja chimene gulu lapeza siyanipo gawo, kaya K1,000 pa K10,000 iliyonse. Musaliphatikize ndi thumba ladzidzidzi la maliro ndi matenda. Lilembedwe patsamba lakelake, msungichuma aziwerenga pamaso pa onse pamsonkhano uliwonse. Likakula, musaligoneke m'bokosi kunyumba kwa munthu. Tsegulani akaunti ya gulu ku SACCO kapena kubanki, osainira akhale atatu.

Nkhaniyi muigwirizane poyambira chaka, polemba malamulo a gulu, aliyense asaine kapena adinde chala. Mukadikira tsiku logawana, ndalama zili pamphasa, palibe amene adzavomere kusiya kanthu.