Mmene bungwe lothandiza anthu lingapemphere khonsolo ya mzinda kuti iyende nalo pofuna ndalama za mabondi ku Minnesota

Boma la Minnesota, chimodzi mwa zigawo za dziko la America, limabwereka ndalama pogulitsa mabondi, zomwe ndi zikalata za ngongole zolonjeza kubweza ndalamazo ndi chiwongoladzanja, kuti limange nyumba ndi zitukuko zina zokhalitsa. Bungwe losapanga phindu likafuna kumanga likulu lake ndi ndalama zimenezi limapeza chopinga pakhomo pomwe, chifukwa malamulo aakulu a chigawochi amalola kuti mabondi otchedwa general obligation, omwe boma limalonjeza kubweza ndi ndalama za misonkho, alipirire katundu wa boma yekha, kuphatikizapo wa mizinda. Njira yodutsira ndi yakuti mzinda ukhale mwini wa nyumbayo, kapena ukhale ndi lizi ya malowo ya zaka zambiri, kenaka ubwereketse nyumbayo kwa bungwe lanu.

Musanapite kwa aliyense, kambiranani nkhani ya umwiniyi ndi akuluakulu oyendetsa bungwe lanu mpaka onse amvetse. Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti pafunika kudekha kwambiri, pakuti anthu amene asonkha ndalama kwa zaka zambiri amafuna kuti nyumbayo idzatchedwe yawo, ndipo sichinthu chapafupi kuwauza kuti pa mapepala idzakhala ya mzinda. Lamulo la chigawochi la nambala 16A.695 limanena kuti mgwirizano wobwereketsa nyumba yotere uyenera kuvomerezedwa ndi ofesi ya zachuma ya chigawo, Minnesota Management and Budget, ndipo nyumbayo ikadzagulitsidwa, boma limayamba labwezeredwa ndalama zake. Pezani loya wodziwa bwino gawo limeneli kuti awerenge chilichonse musanasaine.

Mukagwirizana, pitani kwa ogwira ntchito za chitukuko ndi zachuma ku khonsolo, ndiponso kwa khansala wa dera lomwe mukufuna kumangamo. Kumbukirani kuti mzinda nawo uli ndi zopempha zake ku boma, monga mapaipi a madzi ndi milatho, choncho pempho lanu likupikisana ndi zimenezo. Chomwe akuluakulu a mzinda amaopa n'chakuti bungwe lanu likadzagwa, udindo wonse wa nyumbayo udzatsala m'manja mwawo. Ayankheni asanafunse. Tengani malipoti a zachuma ofufuzidwa ndi akatswiri, bajeti yosonyeza amene adzalipire magetsi, inshuwalansi ndi zokonzakonza chaka ndi chaka, komanso chiwerengero cha anthu a mumzindawo amene mumawathandiza. Sonyezaninso ndalama zomwe mwapeza kale kwina, chifukwa pa zitukuko za m'madera boma nthawi zambiri limayembekeza kuti theka la mtengo lichokere kunja kwa thumba lake. Cholinga chanu n'chakuti makhansala avote ndi kulemba chigamulo chothandizira pempholo.

Nthawi nayo ndi yofunika. Mwamwambo, bilu yaikulu ya mabondi imakambidwa m'zaka zomwe nambala yake imagawika ndi 2, monga 2024 ndi 2026, koma mizinda imatumiza zopempha zake ku ofesi ya zachuma ija pakati pa chaka cham'mbuyo mwake, ndipo bwanamkubwa amalengeza zomwe wasankha mu Januwale. Yambani kukambirana ndi mzinda miyezi yambiri zisanafike pamenepo, muli ndi mapulani oyamba a nyumbayo ndi mtengo wowerengedwa ndi akatswiri a zomangamanga.

Pezaninso phungu m'nyumba zonse ziwiri za malamulo woti apereke bilu ya chitukuko chanu, ndipo muitane mamembala a makomiti oona za mabondi kuti adzaone malowo ndi maso awo pa maulendo omwe amayenda m'madera a chigawochi. Bilu ya mabondi imafuna mavoti atatu mwa asanu aliwonse, kutanthauza 81 m'nyumba ya aphungu 134 ndi 41 m'nyumba ya maseneta 67, motero lankhulani ndi aphungu a zipani zonse ziwiri.

Ngati akuluakulu a bungwe lanu akana kusiya umwini, funsani phungu wanu za ndalama zochokera mwachindunji m'thumba la boma, zomwe sizifuna kuti nyumba ikhale ya mzinda. Mu 2023, pamene boma linali ndi ndalama zotsala zambiri, mabungwe angapo analandira thandizo kudzera m'njira imeneyi, koma mwayi wotere sumapezeka chaka chilichonse.