Momwe mungakambirane filimu monga Akhristu osathera pa "ndi yabwino" kapena "ndi yausatana"

Lamlungu lina masana, achinyamata a kumpingo kwathu anaonera limodzi filimu ya ku Nigeria pa laputopu ya mnzawo. Itatha, mkulu wa mpingo amene ankawayang'anira anafunsa kuti, "Ana inu, mwatolapo chiyani?" Kunali zii. Patapita kanthawi mtsikana wina anati, "Taphunzira kuti ufiti ndi woipa." Mnyamata wina anawonjezera kuti, "Tizilimbika kupemphera." Anatseka ndi pemphero, aliyense n'kunyamula Baibulo lake. Koma atangotuluka pageti mkangano unabuka, woti kodi mayi wa m'filimuyo analakwa kuthawa mwamuna wake womenya uja kapena ayi. Anakangana mpaka pasiteji ya minibasi. Nkhani imene inayenera kukambidwa m'tchalitchi, Baibulo lili potsegula, inakambidwira pamsewu popanda wowongolera.

Ngati mumatsogolera achinyamata, mphakati, mlaga kapena amayi a Mvano, kapena mungofuna kucheza ndi ana anu pakhomo mukatha kuonera kanema, nayi njira imene ndaona kuti imathandiza.

Yambani mwaionera nokha

Musaonetse anthu filimu imene inuyo simunaione kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ngakhale amene wakupatsani pa fulashi atalumbira kuti ndi yachikhristu. Khalani ndi cholembera ndi pepala. Lembani malo atatu kapena anayi pamene munthu wa m'filimumo wakumana ndi mphambano, pamene akanatha kuchita china koma wasankha china, ndipo lembaninso mphindi imene zachitikira kuti mudzathe kubwezera pomwepo. Onaninso ngati muli zamaliseche, kutukwana kapena magazi zosayenera msinkhu wa anthu anu. Dzina la Yesu pachikuto silikupulumutsani pa ntchito imeneyi. The Passion of the Christ, ya Mel Gibson ya mu 2004, imaonetsa kukwapulidwa ndi kupachikidwa kwa Ambuye mwankhanza zoti mwana wa Sande sukulu sangagone nazo tulo. Ya Jesus ya mu 1979, imene inatsata Uthenga Wabwino wa Luka ndipo ambirife tinaionera m'Chichewa pachinsalu pabwalo la sukulu, ndi yofatsa poyerekeza ndi imeneyo.

Posankha, musadzimange kuti filimu ikhale ya m'Baibulo basi. Paulo ali ku Atene, pa Machitidwe 17, anatchula mawu a alakatuli achigiriki, anthu osadziwa Yehova, n'kuyambira pomwepo kulalikira. Filimu imene ili ndi anthu enieni, olakwa ndi olakwiridwa, imabala zokambirana kuposa imene woipa amaoneka kale ndi nkhope ndipo wabwino sapunthwa n'kamodzi komwe.

Konzani malo ndi nthawi

Apa sipofunika mawu ambiri. Tchajani laputopu, yesani sipika anthu asanafike, ndipo ngati filimu ndi ya maola awiri siyani ola lina la kucheza. Mukayamba 3 koloko masana, amayi adzayamba kunyamuka kukaphika filimu ikungotha kumene. Ngati mukufuna kuonetsa gulu lalikulu muholo, makamaka molipiritsa pakhomo, funsani kaye za chilolezo ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso. Sizikoma kuphunzitsa za "usabe" pogwiritsa ntchito filimu yakuba.

Funso loyamba lisakhale la phunziro

"Mwaphunzirapo chiyani?" ndi funso la mayeso, ndipo anthu amaliyankha ndi mawu amene akudziwa kuti abusa angakondwere nawo. Yambani ndi kufotokozerana nkhani. Wina ayambe, wina apitirize, ngati nthano ya madzulo. Mudzadabwa kuti anthu khumi aonera mafilimu khumi osiyana. Kenako funsani kuti, "Ndani wakumvetsani chisoni? Ndani wakukwiyitsani? Ndi pati pamene munafuna kukuwa kuti usatero?" Inu wotsogolera sungani maganizo anu, pakuti mukangonena anu, ena onse adzangovomera.

Pitani pamphambano zija

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tiyeni titenge chitsanzo chakwathu konkuno. The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019, ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Akuluakulu ambiri m'gulu lanu njala imeneyo anaiona ndi maso, ena anaika maliro. Muwapatse mpata alankhule, chifukwa akudziwa zimene kamera sinajambule.

Yankho lofulumira pa filimu imeneyi ndi lakuti khama limapindula: mnyamata wachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi, wawerenga mabuku a mulaibulale, wapanga makina oyendera mphepo opopa madzi. Zoona, koma musaime pamenepo. M'filimumo William amapeza mwayi wopitiriza kulowa mulaibulale poopseza mphunzitsi wake kuti aulula chibwenzi chachinsinsi cha mphunzitsiyo ndi mlongo wake wa William. Imitsani filimu pamenepo. Kodi anachimwa? Wina adzati inde, kuopseza munthu ndi tchimo basi. Wina adzati nanga akanatani, mwana wofuna sukulu amene wathamangitsidwa chifukwa cha umphawi wa makolo? Kodi chabwino chimene chinadza pambuyo pake chimafufuta njira imene anadzera? Aroma 3:8 amakana zoti tichite zoipa kuti zabwino zidze. Komatu azamba achihebri ku Igupto pa Eksodo 1 ananamiza Farao kuti apulumutse makanda, Mulungu n'kuwachitira zabwino. Lolani anthu alimbane ndi malemba awiriwa, musathamangire kuwalanditsa.

Mphambano ina ndi ya njinga. William akufuna kuphwasula njinga ya bambo ake kuti amangire makina aja, bamboyo akukana mokalipa, poti ndi chuma chokhacho chatsala pakhomo ndipo za mwanayo akuziona ngati masewera pamene anthu akufa ndi njala. Achinyamata adzaima ndi William, abambo adzaima ndi bambo mnzawo. Tsegulani Aefeso 6. Vesi 1 imauza ana kumvera makolo, vesi 4 imauza atate kuti asakwiyitse ana awo. Kawirikawiri timaloweza yoyambayo, inayo n'kuilumpha.

Ndipo pali anthu anjala amene amalowa m'nyumba ya banjali n'kulanda chakudya. Ndi akuba, inde. Koma funsani kuti, mpingo wa m'mudzi ngati umenewo ukanachita chiyani chaka chimenecho? Nanga wathu uno uli ndi nkhokwe? Yosefe pa Genesis 41 anasunga tirigu zaka 7 za dzinthu, ndipo sitimva kuti kunali kuchepa chikhulupiriro.

Funsani kuti filimuyi ikuti chipulumutso chimachokera kuti

Filimu iliyonse ili ndi ulaliki wake ngakhale isatchule Mulungu. Imakuuzani chimene chavuta padziko ndi chimene chingakonze vutolo. M'mafilimu ankhondo amene ana amadzadzana nawo m'mavidiyo sho, aja omasuliridwa m'Chichewa moseketsa, chokonza zinthu ndi chibakera ndi kubwezera: anapha m'bale wanga, ndiwamaliza onse. Omvera amaomba m'manja, ifenso timaomba nawo. Ikani pambali pake Aroma 12:19, pamene akuti kubwezera n'kwa Ambuye, ndipo funsani moona mtima chifukwa chake mtima wathu umakoma woipa akamaphedwa.

Funso lomweli lifunseninso mafilimu otchedwa achikhristu, ndipo ine ndimati amenewa ndiye muwafunse kwambiri, chifukwa timawameza osatafuna. Ambiri amayenda chonchi: mavuto onse a munthu achokera kwa azakhali okhwima kumudzi, mtumiki wa Mulungu wafika, moto watsika, mfiti yagwa n'kuulula, ndipo sabata yotsatira munthu uja wapeza ntchito ndi galimoto. Kodi Mulungu wa m'filimu yotereyi ndi yemwe uja anakana kumuchotsera Paulo munga m'thupi ngakhale Pauloyo anapempha katatu konse? Nanga nkhalamba yosauka ya m'mudzi mwathu, ana amene aonera mafilimu makumi otere adzaiona bwanji? Kuno kwathu okalamba amenyedwapo, ena kuphedwa kumene, chifukwa chowaganizira ufiti. Nkhani imeneyi si yamasewera.

Baibulo libwere ngati kalilole, osati ngati chikwapu

Mneneri Natani atapita kwa Davide pa 2 Samueli 12 sanayambe ndi lamulo. Anamusimbira nkhani ya munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi. Davide anapsa mtima n'kuweruza kuti munthuyo ayenera kufa, ndipo m'pamene Natani anamuuza kuti munthuyo ndi iye mwini. Filimu imagwira ntchito ya nkhani ya Natani ija. Anthu aweruze kaye anthu a pakanema momasuka, kenako mutembenuze funso: ife tafanana ndi ndani m'nkhaniyi? Vesi imodzi kapena ziwiri zogwirizana ndi zimene anthu akamba zikukwanira. Mukabwera ndi mavesi khumi okonzeratu, mwasandutsa kucheza kukhala ulaliki wachiwiri wa tsikulo.

Mukasiyana maganizo

Mudzasiyana ndithu. M'filimu ya Kamkwamba ija mumaoneka Gule Wamkulu, ndipo padzapezeka wina wonena kuti Mkhristu sayenera n'kuyang'ana komwe, pamene wina adzati kuonetsa chinthu si kuchipembedza, ndi mmene mudzi wa Achewa ulili. Musamuseke woyambayo kuti ndi wotsalira, musamutchulenso wachiwiriyo kuti wabwerera m'mbuyo. Aroma 14 analembedwera mikangano ya mtundu womwewu, ya zinthu zimene chikumbumtima cha wina chimalola pamene cha wina chikukana. Amene sakumasuka aloledwe kutuluka kapena kudumphitsa gawolo popanda kumunena.

Samalaninso ndi amene angokhala duu. Filimu ya nkhanza za m'banja kapena ya imfa ya mwana imatha kutosa bala la munthu amene wakhala pabenchi lomwelo. Musamuloze chala kuti alankhule. Mukatseka ndi pemphero, pemphererani zimene zatuluka m'kuchezako, ndipo anthu akamabalalika mutsalire pakhomo pang'ono, chifukwa wofuna kulankhula nanu payekha amadikira kuti anzake atuluke kaye. Filimu ya ulendo wotsatira asankhe ndi achinyamatawo, koma akupatseni fulashiyo kudakali sabata yathunthu.