Zoyenera Kuchita Eyakoni ya Nyumba Yonse Ikamangolira Osapuma

Eyakoni yoziziritsa nyumba yonse, ya mtundu umene umapezeka m'nyumba zambiri ku United States, ili ndi zigawo ziwiri. Panja pamakhala bokosi lachitsulo lokhala ndi kompuresa (pampu imene imayendetsa gasi woziziritsa m'mapaipi) ndi fani, ndipo m'kati mumakhala chigawo chimene chimakoka mpweya wa m'zipinda, kuuziziritsa, kenako kuubweza kudzera m'mapaipi akuluakulu obisika mu siling'i kapena kunsi kwa nyumba. Makinawa akakhala bwino amalira kwa kanthawi, nyumba ikazizira n'kupuma. Akayamba kulira usana ndi usiku, muyenera kudziwa kaye ngati akuziziritsadi kapena akungodya magetsi pachabe, chifukwa zinthu ziwirizi zili ndi magwero osiyana.

Yambirani pa thermostat, kachipangizo ka pakhoma kamene mumasankhirapo mlingo wa kuzizira. Ngati swichi ya fani ili pa ON, fani ya m'kati imazungulira nthawi zonse ngakhale kompuresa itapuma, ndipo anthu ambiri amamva phokoso limenelo n'kuganiza kuti makina onse sakuima. Ikani swichiyo pa AUTO. Onaninso mlingo umene munasankha. Kuika madigiri 18 a Celsius dzuwa likuswa mtengo sikuchititsa kuti nyumba izizire msanga. Makinawo amangothamangira mlingo umene sangaufikire. Yesani madigiri 25 kapena 26 ndipo muone ngati angapume. Thermostat imene ikuwombedwa ndi dzuwa la pawindo, kapena imene ili pafupi ndi nyale kapena khichini, imaona ngati nyumba yonse yatentha choncho, ndipo imaitanabe mpweya wozizira ngakhale zipinda zina zitazizira kale.

Zimenezi zikakhala m'malo mwake, tengani chipangizo choyezera kutentha, ngakhale chija cha kukhichini. Makina atalira kwa mphindi pafupifupi 15, yezani mpweya pamene ukulowera, pafupi ndi fyuluta (sefa yogwira fumbi la mu mpweya), kenako yezani pamene ukutulukira m'chipinda chapafupi ndi makinawo. Kusiyana kwake kuyenera kukhala madigiri 8 mpaka 11 a Celsius, kapena 15 mpaka 20 a Fahrenheit. Muyeso umenewu ndi umene ungakulondolereni kumene kuli vuto, ndipo mwa zonse zimene mwininyumba angachite yekha, ndi umene uli wofunika koposa.

Ngati kusiyanako kuli bwino ndipo kunja kwatentha modetsa nkhawa, n'kutheka kuti palibe chawonongeka. Makinawa amasankhidwa kuti azitha kulimbana ndi kutentha kwa masiku ambiri a chilimwe, choncho pa masiku ochepa otentha kwambiri amatha kulira masana onse. Komanso makina amakono okhala ndi kompuresa yosinthasintha liwiro anapangidwa dala kuti aziyenda pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali.

Kusiyanako kukapitirira mlingo, kawirikawiri ndiye kuti mpweya sukudutsa mokwanira, ndipo choyamba kuchikayikira ndi fyuluta. Itulutseni ndi kuiloza ku kuwala. Ngati kuwalako sikukuonekera, ikani yatsopano. Fyuluta yopyapyala imafunika kusinthidwa pakapita mwezi umodzi mpaka itatu, makamaka m'nyumba muli agalu kapena amphaka. Onaninso kuti mipando ndi makatani sizinatseke malo olowera ndi otulukira mpweya. Kutseka mpweya wa zipinda zimene simugonamo, ngakhale kumaoneka ngati nzeru yopulumutsira magetsi, kumangopanikiza makinawo.

Mpweya ukamadutsa wochepa, mapaipi ozizira a m'kati amaundana ayezi, ndipo ayeziyo amatsekanso njira yotsalayo. Mukaona ayezi pa paipi yaikulu ya gasi yopita ku bokosi la panja, yokutidwa ndi chinkhupule chakuda, zimitsani kuziziritsa, siyani fani yokha ikuzungulira kwa maola angapo mpaka zonse zisungunuke, ndipo musayerekeze kugoba ayeziyo ndi mpeni chifukwa mungaboole paipi.

Kusiyanako kukakhala kochepa, pitani panja. Bokosi la panja ndi limene limataya kutentha konse kochokera m'nyumba, ndipo timapepala tachitsulo ta m'mbali mwake tikadzaza fumbi, udzu wotchetcha ndi masamba, kutenthako kumasowa potulukira. Zimitsani magetsi pa swichi ya pakhoma pafupi ndi bokosilo, tsukani timapepalato ndi paipi ya madzi othirira maluwa popanda mphamvu yambiri, ndipo dulani zitsamba kuti pakhale mpata wa masentimita 60 kuzungulira. Mukayatsanso, gwirani paipi yaikulu ija pamene chinkhupule chathera. Iyenera kukhala yozizira ndi yamame, monga botolo la chakumwa longotuluka mufiriji. Ikakhala yofunda pamene fani ikuzungulira, mwina kompuresa sikuyaka kapena gasi woziziritsa wachepa.

Apa ndi pamene ntchito ya mwininyumba ikuthera. Gasi wa eyakoni satha chifukwa chogwiritsidwa ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndiye akachepa ndiye kuti pena pake pakudontha. Mmisiri amene akungofuna kuwonjezera gasi popanda kufufuza pamene pabooka akukukonzerani ulendo wina wolipira chaka chamawa. Ku United States lamulo limafuna kuti wogwira gasi ameneyu akhale ndi chiphaso cha EPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndipo gasi wakale wa R-22 anasiya kupangidwa ndi kuitanitsidwa m'dzikolo kuyambira pa 1 Januwale 2020, moti makina akale oyendera gasi ameneyu akayamba kudontha, ndi bwino kuwerengera mtengo wogula atsopano musanavomere kukonzetsa.

Pali vuto linanso losavuta kulizindikira. Ikani thermostat pa OFF ndipo mudikire mphindi zingapo. Bokosi la panja likapitiriza kulira, ndiye kuti contactor, swichi imene imalumikiza kompuresa ku magetsi, yamatirira, kapena mawaya a thermostat agundana. Zimitsani pa bureka, swichi ya makinawa m'bokosi la magetsi a nyumba, nthawi yomweyo, chifukwa kompuresa ikamayenda fani ya m'kati itaima imatha kuwonongeka. Musatsegule bokosilo nokha, popeza capacitor ya m'menemo imasunga magetsi ngakhale mutazimitsa.

Makina akapezeka kuti ali bwino koma nyumba sikuzizirabe, kwerani mu siling'i muone mapaipi a mpweya. Pulogalamu ya boma la United States yolimbikitsa kupulumutsa magetsi, ya Energy Star, imanena kuti m'nyumba wamba mpweya wokwana 20 mpaka 30 pa 100 ulionse umatayika m'mabowo ndi molumikizira mapaipi. Paipi yoguluka imaziziritsa denga m'malo mwa zipinda, ndipo molumikizira mumafunika kumatidwa ndi phala la mastic kapena tepi yachitsulo, osati tepi wamba imene imamatuka ikatenthedwa. Ngati nyumba inawonjezeredwa zipinda makinawo ataikidwa kale, n'kutheka kuti tsopano achepa mphamvu. Pamenepo pemphani mmisiri awerengere kukula koyenera pogwiritsa ntchito njira ya Manual J, imene imaganizira mawindo, denga ndi nyengo ya dera lanu, chifukwa makina aakulu mopitirira nawonso amayaka ndi kuzima pafupipafupi n'kusiya chinyezi m'nyumba.